Mpunga wa pa Khirisimasi: mafunso amene awerengi amandifunsa, ndi mayankho ake

Chiyambireni pamene anthu anayamba kuwerenga buku langa la Mpunga wa pa Khirisimasi, mafunso akhala akundipeza paliponse: pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha, m'kombi yopita m'tauni, pa siwa, ngakhalenso pa foni usiku kuchokera kwa awerengi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ambiri mwa mafunsowo amafanana, ndiye ndaganiza zowasonkhanitsa pano n'kuwayankha mtima uli m'malo. Amene simunawerenge musade nkhawa, mathero sindiulula.

Kodi bukuli likunena za chiyani?

Likunena za Alinafe, mayi wa zaka 36, telala wa ku Ndirande, amene banja lake latha ndipo kashopu kamene ankasokeramo kapita ndi ngongole. Kumayambiriro kwa Disembala amakwera basi ya ku Harare atanyamula mutu wa makina osokera wokulunga m'bulangete, zitenje zitatu, mpunga wokwana makilogalamu asanu, ndi kalata imene agogo ake aamuna analemba ali ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, mu 1964. Agogowo anapita kukagwira ntchito ndipo sanabwererenso. Agogo ake aakazi, asanatsikire kuli chete, anamupempha chinthu chimodzi: akaone pamene mwamuna wawo anagona.

Adiresi ya pa kalatayo imamufikitsa ku Mufakose, dera lina la mu Harare, pa nyumba imene tsopano mukukhala anthu ena osadziwa kanthu za nkhaniyi. Amene amamulandira ndi gogo wina wa pa mzere womwewo, Anabanda. Amene amasunga buku la mayina a anthu ochokera ku Malawi omwe anaikidwa m'manda kuno ku Harare ndi Fanuel, kalipentala wa zaka 41, bambo wa mwana mmodzi dzina lake Rudo, ndipo mkazi wake anamwalira zaka zitatu zapitazo. Nkhani yonse imachitika m'masabata anayi, kuyambira tsiku limene Alinafe watsika basi kufikira m'mawa wa pa 1 Januwale.

N'chifukwa chiyani munasankha nyengo ya Khirisimasi?

Chifukwa ku Harare palibe nyengo ina imene imaonetsa poyera amene ali ndi kwawo ndi amene alibe. Tchuthi chimayamba pa 22 Disembala, tsiku la Unity Day, ndipo kuyambira pamenepo ku Mbare Musika, kokwerera mabasi, kumasowa poponda. Mabasi a ku Murehwa, ku Gutu, ku Chipinge ndi ku Mount Darwin amanyamuka atasenza matumba a feteleza, malata, masofa, mabotolo a Mazoe ndi buledi wosawerengeka. Anansi athu Achishona akupita "kumusha", kumudzi kwawo, kukaona makolo ndi kukapalira chimanga. Akatero mzere wathu wa nyumba umangoti zii. Mukayenda madzulo a pa 24 n'kumawerenga makomo amene akufuka utsi, mupeza kuti ambiri ndi a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, pamodzi ndi anzathu amene makolo awo anachokera ku Mozambique ndi ku Zambia. Otsala ndife.

Ndili mwana zimenezi zinkandipweteka. Sukulu ikatsegulidwa mu Januwale, aphunzitsi ankatiuza kuti tilembe chimangirizo cha zimene tinachita kumudzi pa tchuthi, ndipo ine ndinkapeka mudzi, ng'ombe zisanu ndi mtsinje, kuopa kusekedwa. Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti zimene zinkachitika pa mzere wathu zinali zokoma kuposa bodza langalo. Popeza panalibe wopita kwina, mabanja ankatulutsa mabenchi n'kuika pansi pa mtengo wa mango wa pakati pa mzere. Wina ankabwera ndi nkhuni, wina mphika waukulu uja wa pa maliro, wina nkhuku imene wakhala akuisunga kuyambira Okutobala. Mvula ikagwa masana tonse tinkathamangira m'khonde limodzi mbale zili m'manja, ndipo kukada ana tinkatola ngumbi pansi pa nyale ya mumsewu. Nkhalamba zopanda ana, zimene chaka chonse zinkadya zokha, tsiku limenelo ndi zimene zinkayamba kupatsidwa mbale. Khirisimasi imeneyo ndinkafuna ndidzaione italembedwa m'chilankhulo chimene inkachitikiramo.

Ife a ku Malawi sitikudziwa bwino: anthu olankhula Chichewa anapezeka bwanji ku Harare?

Anabwera ndi miyendo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankatsika kudzafuna ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu ku Southern Rhodesia, ambiri pofuna ndalama ya msonkho umene atsamunda ankalipiritsa. Oyambirira ankayenda wapansi masabata angapo, kudutsa ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Pambuyo pake kunabwera malole onyamula anthu osalipira, amene anthu anangowatcha "ulere", komanso olemba anthu ntchito amene ankadziwika kuti Mthandizi. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, likulu linali Salisbury, ndipo mafakitale ndi ntchito zambiri zinali kuno. Dzina la Salisbury linasintha kukhala Harare mu 1982.

Ena ankagwira zaka ziwiri n'kubwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena anakwatira konkuno, ena anachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ena anangotha mphamvu chaka chobwerera chikusunthirabe kutsogolo. Kumudzi anawatcha matchona. Ana ndi zidzukulu zawo ndi ife, ndipo mudzatipeza ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Rugare kumene kunkakhala ogwira ntchito za njanji, ku Dzivaresekwa, ku Mabvuku ndi ku Tafara kumene kunkakhala makuku ndi osamalira maluwa m'mayadi, ku Epworth, komanso m'migodi ndi m'mafamu kutali ndi tauni.

Anabwera ndi zawo. Mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anachoka ku Nkhoma kudzatumikira anthu a ku Nyasaland amene anali kuno, ndipo mpingo umenewo ndi umene unakula n'kukhala sinodi ya CCAP mu 1965, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Ayao anamanga mizikiti, Achewa anabwera ndi gule wamkulu, ena beni. Mukamva dzina la Benjani Mwaruwari m'mbiri ya mpira wa ku Zimbabwe, mukumva mwana wa m'banja lochokera ku Malawi.

Kodi anthu a m'bukuli ndi enieni?

Ayi, onse ndi opeka, ndipo sosayati ya maliro ya m'bukuli nayonso ndi yopeka. Koma zinthu zina zimene amagwira m'manja ndinazitenga m'nyumba mwathu. Sutikesi ya Anabanda ndi ya agogo anga: yachitsulo, yobiriwira, yokhala pansi pa bedi zaka zonse ili yolongedzeratu. Munali nsalu ziwiri zatsopano, sopo ndi mpango, zoti akapatse achemwali awo ku Dedza tsiku lopita kwawo. Chaka chilichonse mu Disembala ankaikoka, kuyanika nsaluzo pa chingwe kuti zisagwire nkhungu, kuzipinda bwinobwino n'kubwezeramo. Anamwalira sutikesiyo ili chilongedzere. Nditafika pa mutu umene Anabanda amatsegula sutikesi yawo n'kupereka nsalu imodzi kwa Alinafe kuti asokere Rudo diresi ya Khirisimasi, ndinaleka kulemba masiku awiri.

Buku lachikondi, koma mwadzaza nkhani za maliro. Bwanji?

Funso limeneli limachokera kwambiri kwa awerengi achinyamata a ku Malawi, ndipo ndimalimvetsa. Munthu wakutali akamva za sosayati ya maliro amaganiza za mabokosi ndi misozi. Ife timaganiza za Lamlungu loyamba la mwezi masana, anthu atakhala bwalo pakhomo la membala mmodzi, msungichuma ali ndi kabokosi kake, thobwa likuyenda, nkhani za kumudzi zikukambidwa ndi anthu amene kumudziko anachokako asanamere ndevu.

Agogo athu atafika kuno, njala ankaipirira, chipongwe cha kapitawo ankachipirira. Chimene sichinkawagonetsa tulo chinali kufera m'dziko la eni n'kuikidwa popanda wolira, popanda wodziwa mfunda wako. Ndiye anthu ochokera boma limodzi, a ku Dedza paokha, a ku Ntcheu paokha, a ku Mangochi paokha, anayamba kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Maliro n'kulirana. Mlembi ankalemba dzina la munthu, mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake. Koma anthu amene alonjezana kudzaikana m'manda sangalekane pa zamoyo. Sosayati yomweyo ndi imene inkapezera mlendo chipinda, kumunong'oneza kumene akulemba ntchito, kuweruza mabanja akayambana, kuimirira mnyamata wopanda malume tsiku lofunsira mbeta. Kwa anthu opanda mudzi, buku la mlembi ndi limene linakhala mudzi.

Buku la Fanuel ndi lalikulu, lachikuto chakuda cholimba, msana wake womata ndi tepi kawiri konse. Analandira kwa bambo ake, amene analandira kwa mlembi woyamba, choncho muli zolemba za anthu atatu. Kumbuyo kuli mayina a ogona, kutsogolo a amoyo. Alinafe amafika akufuna dzina limodzi kumbuyo kwa bukulo, osaganizako n'komwe za masamba akutsogolo. Ine monga mlembi wa nkhaniyi, malo amene mtima wanga unagunda kwambiri ndi pamene cholembera cha Fanuel chaima pamwamba pa mzere wopanda dzina, akuyembekezera kuti mayiyu anene mawu amodzi.

Chikondi chawo chikuchedwa kwambiri. Munachitira dala?

Dala. Awa si ana a sukulu. Wina banja linamuthera m'manja ndipo akudziona ngati wolephera, wina zovala za malemu mkazi wake zikadali m'kabati. Anthu otere sathamanga. Komanso ali pa mzere umene aliyense amadziwa amene walowa pakhomo la mnzake ndi nthawi imene watulukira, ndipo onse awiri amalemekeza maso amenewo.

Choncho amalankhulana ndi ntchito za manja. Alinafe ali ndi mutu wa makina koma alibe tebulo. Fanuel, osanena kanthu, amayeza tsinde la makinawo ndi chikhatho, n'kubwera patapita masiku atatu ndi tebulo loboola pakati, lopala bwino, lopangidwa ndi zidutswa za matabwa otsala popanga mabokosi a maliro. Amamuuza zoona za kumene matabwawo achokera, ndipo Alinafe amakhala tsiku lathunthu asanalikhudze. Kenako amaikapo makina n'kuyamba kusoka yunifomu za amayi a Chigwirizano zimene zinang'ambika m'khwapa, ulusi ali nawo pakamwa, ndipo ndi mmene mzere wonse umayambira kumudziwa.

Yang'ananinso mmene amaitanirana. Poyamba iye ndi "mayi a ku Blantyre", winayo "bambo a Rudo". Kuno tinakula tikunenedwa kuti "mabhurandaya", kuchokera ku dzina la Blantyre, ndiponso kuti ndife anthu opanda "mutupo", kutanthauza opanda mfunda, ngati kuti Phiri ndi Banda zinagwa kumwamba. Ndiye pa usiku wa pa 24, magetsi atazima, Fanuel atanyamula nyale kuperekeza amayi ochokera ku kwaya, amatembenuka n'kunena kuti, "Anaphiri, pondani bwino, apa pali matope." Wowerenga wina wa ku Tafara, mayi wachikulire, anandigwira dzanja pa tchalitchi n'kundiuza kuti pamenepo anatseka buku n'kulira, chifukwa chimwalirire amuna awo palibe anawaitanapo ndi mfunda.

Chichewa cha Fanuel chikumveka chachilendo. Kodi ndi zolakwika za posindikiza?

Si zolakwika. Fanuel amalankhula mmene timalankhulira ife obadwira kuno: Chichewa chimene tinayamwa kwa agogo, chokhala ndi mawu akale amene achinyamata a ku Lilongwe anasiya, chosakanikirana ndi Chishona cha mumsewu. Nsima amatha kuitchula sadza, masuku amawadziwa ngati mazhanje, ndipo akafuna kuthokoza pakamwa pamayamba kutuluka "maita basa" asanadzikonze kuti "zikomo". Tsiku loyamba Alinafe amamuseka, mosaganiza zoipa, koma iye zimamulasa. Moyo wake wonse anthu a kuno akhala akumuuza kuti ndi Mmalawi, ndiye lero munthu wochokera ku Malawi kwenikweniko akumuuza kuti amalankhula ngati Mshona. Ndikanamuwongola lilime, bala limenelo silikanaoneka.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo pa mndandandawo Chichewa ndicho choyamba kutchulidwa. Koma m'makomo mwathu chikuzilala. Rudo amamva zonse zimene agogo akunena, n'kuyankha m'Chishona, ndipo ana ambiri a pa mzere wathu ali choncho. Oimba sungura monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anatithandiza kwambiri poika Chichewa m'nyimbo zawo, moti ana amene ankachita nacho manyazi anayamba kuchivinira pagulu. Ine ndinafuna kuti achionenso pa pepala.

Munati ndi buku losangalatsa mtima, nanga nkhani ya chitupa ya Anabanda yalowamo bwanji?

Chifukwa ndikanaichotsa, chisangalalo cha pa mzere uja chikanakhala chopanda mizu. Anthu amene akuseka pansi pa mtengo wa mango aja adutsa m'zambiri. Kuyambira mu 2000, mafamu atayamba kulandidwa, antchito ambiri a m'mafamu, amene ochuluka makolo awo anali ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia, anataya ntchito ndi pokhala tsiku limodzi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo amene akanatha kukhala nzika za dziko lina kudzera mwa makolo anauzidwa kuti akane unzikawo. Anthu obadwira konkuno, osadziwa n'komwe njira ya ku Mwanza, anapezeka kuti chitupa chawo chikuwatchula alendo, ndipo ambiri sanathenso kuvota. Mu 2005 boma linabweretsa Murambatsvina, pamene nyumba zakuseri ndi timisika zinagwetsedwa, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Nanga wopanda mudzi akanalowera kuti?

Malamulo a 2013 anakonza zina: gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo amakhala kuno, ndi nzika yobadwa nayo. Koma kuti zimenezo zifike pa chitupa cha gogo wosadziwa kulemba, pamafunika wina womuperekeza. Mayi anga ndinawaperekeza kanayi ku ofesi ina, kudzuka 4 koloko m'mawa, ulendo uliwonse n'kutiuza pepala lina losowa. M'bukuli nkhaniyi yatenga mitu iwiri yokha, ndipo amene amaima pa mzere ndi Anabanda, kuwagwirira ambulera, ndi Alinafe, mlendo wa masabata awiri. Ndi pamene amayamba kuona kuti naye ali ndi chopereka pa mzerewu.

Nanga mutu wa bukuli, mpungawo?

Ku Malawi ndi ku Zimbabwe komwe, mwana amadziwa kuti Khirisimasi yafika akaona mpunga ndi nkhuku. Kuno amayi ambiri amakhala m'magulu a chipereganyu, amene timawatcha mukando, ndipo ena mwa magulu amenewa amasonkha chaka chonse n'kugawana katundu mu Disembala: shuga, mafuta ophikira, ufa wa tirigu, sopo, mpunga. Choncho mpunga pa mzere wa Anabanda ulipo kale. Koma wa Alinafe ndi wa Kilombero, wa ku Karonga, umene fungo lake limatuluka pakhomo n'kukafika kwa oyandikana nawo. Pa mzerepo pali nkhalamba zimene fungo limenelo zinalimva komaliza zisanakwere ulere.

Vuto ndi lakuti makilogalamu asanu sangakwane makomo onse. Alinafe amafuna kuphikira nkhalamba zokha, ena akuti uphikidwe wa ana, ndipo mkangano wake umatenga masiku. Anabanda ndi amene amadula mlandu: kapu imodzi ya Kilombero m'mphika uliwonse wa mpunga wamba, kuti fungo lifike m'mbale ya aliyense. Owerenga ena andiuza kuti anayesa kunyumba kwawo. Zimatheka ndithu, bola muutsuke mopepuka ndi kuuvundikira bwino, moto wa makala pang'ono pamwamba pa chivundikiro.

Ndinu a mpingo. Bwanji munaika gule wamkulu ndi Asilamu m'buku la Khirisimasi?

Akuluakulu ena a mpingo anandifunsa zimenezi maso ndi maso, ndipo ndinawayankha mwaulemu kuti sindikanatha kujambula mzere wathu n'kufufutamo theka la anthu ake. Gule wamkulu, amene Achishona amamutcha zvigure, amavinidwa ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivaresekwa ndi m'migodi, pa maliro ndi pa masiku a tchuthi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ndikudziwa kuti mpingo ndi dambwe siziyendera limodzi, ndipo bukuli silibisa zimenezo: Fanuel ndi wa kwaya, mchimwene wake ndi wa gule, ndipo pali zaka zimene sankalankhulana. Za kudambwe sindinalembe, si zanga. Ndinalemba zimene aliyense woima pa bwalo amaona, fumbi, ng'oma, ana akuthawira kumbuyo kwa amayi awo.

Che Amidu, nkhalamba ya Chiyao ya pa kona, sakondwerera Khirisimasi. Koma m'mawa wa pa 25 ndi amene amazinga nkhuku zonse za pa mzere, kuti pasakhale munthu wokana mbale. Kwathu zinkachitika choncho, ndipo pa Idi nafenso tinkadya kwawo.

Anansi Achishona mwawaonetsa ngati oipa?

Ayi. Malemu mkazi wa Fanuel anali Mshona wa ku Murehwa, ndipo mayi ake, ambuya a Rudo, ndi mmodzi mwa anthu amene ndinawalemba ndi chikondi chachikulu. Chaka chilichonse amatuma basi kudzatenga mdzukulu wawo kuti akadye Khirisimasi kumudzi. Chaka chino Rudo akukana kupita, ndipo gogoyo amakwera yekha basi yobwera m'tauni pamene anthu onse akutuluka, atanyamula nkhuku ndi dengu la mazhanje, kudzaona ndi maso ake mayi amene akusokera mdzukulu wake diresi. Mawu achipongwe alimo m'bukuli chifukwa tinawamva, koma alimonso anansi amene ankatisiyira makiyi a nyumba zawo popita kumudzi n'kutibweretsera maungu pobwera.

Akakwatirana, atsata mwambo uti: roora kapena chinkhoswe?

Sindinena ngati akwatirana. Koma funsoli ndi lenileni, ndipo limavutitsa mabanja ambiri kuno. Kwa Achewa ukwati umamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, malume ndi amene ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndipo mwamwambo mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi. Kwa Achishona mwamuna amapereka roora kudzera mwa mkhalapakati wotchedwa munyai, pamakhala ng'ombe, kuphatikizapo ya mayi a mkazi, ndipo ana amatsata kwa bambo. Mabanja athu ambiri a ku Harare anatengera roora, ena amasakaniza. Fanuel anapereka roora pa ukwati wake woyamba ndipo sadziwa njira ina. Alinafe malume ake ali ku Ntcheu, kuno alibe ngakhale msuweni. Ndani angakhale nkhoswe ya munthu amene wafika ndi basi masabata atatu apitawo? Amayi a Chigwirizano ndi madoda a sosayati amakangana za funso limeneli eni akewo asanauzane n'komwe kanthu.

Njira imene Alinafe anadzera ndi yeniyeni?

Inde. Kuchoka ku Blantyre mumadzera ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda, n'kudutsa Mutoko ndi Murehwa mpaka Harare. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, koma chifukwa cha zipata zinayi za m'malire umadya tsiku lathunthu, ndipo mu Disembala mizere imatalika. Ku Tete kumatentha moti madzi a m'botolo amafunda ngati a tiyi. Ndinafuna kuti Alinafe adutse njira yomweyo imene agogo ake anadutsa, iye pa mpando wa basi, akuyang'ana pa windo mitengo ya malambe imene iwo anagona pansi pake.

Ana angawerenge?

Wa sekondale angawerenge popanda vuto, mulibe zolaula. Mabanja ena akuwerenga mokweza madzulo, mdzukulu akuwerengera agogo amene maso anafooka, agogowo akumukonza katchulidwe.

Nafenso tili ndi agogo amene anatchona ku Harare. Tingawapeze ngati mmene anachitira Alinafe?

Ili ndi funso limene sindinaliyembekezere, koma ndi limene limabwera kwambiri kuchokera ku Malawi. Sindingalonjeze, chifukwa mabuku ena a sosayati anatayika, ena ananyowa, ena anapita ndi alembi awo. Komabe anthu amapezana, ndipo ndaonapo ndi maso anga.

Musananyamuke, khalani pansi ndi akuluakulu a kumudzi mulembe zonse: dzina, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, boma, chaka chimene anachoka, ntchito imene ankagwira, ndi dzina la famu, mgodi kapena msewu ngati linatchulidwapo m'kalata. Funsaninso mayina ena amene ankadziwika nawo, chifukwa ambiri kuno ankayendera dzina la pa ntchito, kapena dzina limene kalaliki analemba molakwika pa chitupa, moti mukafunsa dzina la kumudzi lokha anthu akhoza kupukusa mitu pamene munthuyo ankamudziwa bwino. Mukafika, yambirani kumene anthu akwathu amasonkhana. Ngati anali wa mpingo, pitani ku CCAP kapena ku mpingo wake Lamlungu, mukapemphe kulankhula mapemphero akatha. Ngati anali Msilamu, pitani ku mzikiti wa ku Mbare kapena wa dera limene ankakhala, Lachisanu. Funsani sosayati ya anthu a boma lanu, ndipo funsani nkhalamba, osati achinyamata. Manda akuluakulu a mu mzinda, monga Warren Hills ndi Granville kumene anthu amati ku Mbudzi, amayendera manambala, choncho mukapeza chaka chimene munthu anamwalira ntchito imapepuka. Amene anafera ku famu kapena ku mgodi kawirikawiri anaikidwa komweko.

Konzekeraninso kupeza amoyo. Mwina agogo anuwo anasiya ana kuno, a mfunda wanu womwewo, amene Chichewa chawo chili ngati cha Fanuel, ndipo nawonso akhala akudzifunsa za inu. Ngati chithunzi chilipo nyamulani, ngakhale chofufutika. Ndipo m'chikwama musaiwale kaphukusi ka usipa kapena ka mpunga, kokapatsa gogo amene akakutsegulireni buku.